Eriyo ya Mawaya Awiri

 Lero sindikamba za manyowa kapena mbewu, koma za wailesi yanu. Poyendera minda ku Chembe, ku Msaka ndi m'midzi ina ya kuseri kwa mapiri a Monkey Bay, ndamva dandaulo limodzi, lakuti wailesi imangosokosa. Tsono chenjezo la mwera, mbiri ya mvula ndi ya ntchemberezandonda zimafika mochedwa. Munthu amalowa panyanja kapena kubzala asanamve.

Kawirikawiri wailesiyo imakhala yabwino. Vuto ndi lakuti mawu a FM amatchingidwa ndi phiri, ndipo kaeriyo kake kali m'nyumba, pansi pa malata. Makolo athu amene ankamvera Lusaka pa wailesi ya Saucepan, imene inatuluka mu 1949, ankakoka waya panja. Nafenso titero, koma moyeza.

Eriyo imene ndikunena imatchedwa dipole. Ndi mawaya awiri a kopa, ofanana utali, omangidwa mzere umodzi pa nsungwi youma, osakhudzana pakati. Utali wake timaupeza motere: tengani 143, mugawe ndi nambala ya siteshoni imene mumakonda. Yankho lake ndi mamita. Siteshoni ikakhala pa 95, eriyo yonse ndi mita imodzi ndi theka, ndiye kuti waya uliwonse masentimita 75. Ikakhala pa 100, uliwonse masentimita 71. Mwana wa sukulu akuthandizeni samuyi.

Kenaka pezani chingwe cha TV, chija chili ndi waya wamkati ndi kaukonde kakunja. Pakati pa eriyo, wamkatiyo mumange ku waya umodzi, kaukondeko ku unzakewo.

Apa mvetsetsani. Kaukonde kaja kamasanduka eriyo nakonso, nkumatola phokoso la machaja ndi inveta ya sola. Mankhwala ake ndi balun, ndipo simusowa kugula. Pafupi ndi pamene mwamanga paja, pindani chingwecho kanayi kapena kasanu ngati kankhata, kotambalala masentimita 6, nkumanga ndi mphira. Kankhatako kamatsekereza phokosolo.

Kwezani nsungwi pamwamba kupitirira denga. Nsonga ya chingwe ilowe m'kabowo ka eriyo. Ngati wailesi yanu ya mabatire ilibe kabowo, wamkatiyo mumange ku kaeriyo, kaukonde ku sipuling'i ya batire. Wina azitembenuza nsungwi pang'onopang'ono, inu mukumvetsera. Muyese yogona, muyesenso yoimirira. Pamene mawu amveka bwino, mangani pomwepo.

Machenjezo ndi atatu. Choyamba, musaimike eriyo pafupi ndi mawaya a ESCOM. Chachiwiri, kukayamba ziphaliwali, chotsani chingwe ku wailesi, muchiponye panja. Chachitatu, izi ndi zomvetsera chabe. Amene amaulutsa mawu pa mawailesi awoawo, kulankhulana ndi anzawo a kutali, amayamba atenga chiphaso ku MACRA. Iwonso samu yawo ndi yomweyi: pa 7 MHz eriyo yawo imafika mamita 20.

Mafumu anga, wailesi ya Dzimwe inayamba ku Monkey Bay mu 1998, ndipo MBC nayo imaulutsa za ulimi ndi za nyengo. Koma uthenga wosamveka suthandiza munthu. Ndikupempha kuti mudzi uliwonse uimike eriyo imodzi mvula isanayambe, pabwalo kapena pamene kalabu ya alimi imakumana. Amene wamva auze anzake.