Ubale wa Maiko ndi Chisamaliro cha Chilengedwe

Mau oyamba

Tikamakamba za ulamuliro wabwino, kawirikawiri maganizo athu amathera pa zisankho, katangale ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za misonkho. Nkhani za ubale ndi maiko akunja timazisiyira nduna ndi akazembe, ngati kuti sizikhudza mlimi wa ku Phalombe kapena msodzi wa ku Nkhata Bay. Lero ndikupempha kuti tiunikire limodzi maganizo a zipani zosamala chilengedwe pa nkhani imeneyi. Cholinga chathu sikutamanda chipani china, koma kutolapo muyeso woyesera nawo mapangano amene atsogoleri amasaina m'dzina lathu.

Chiyambi cha maganizowa

M'chaka cha 1980, mu mzinda wa Karlsruhe ku Germany, anthu otsutsa zida za nyukiliya ndi kuonongeka kwa chilengedwe, mmodzi mwa iwo Mai Petra Kelly, adakhazikitsa chipani cha Greens. Chipanichi chidaima pa nsanamira zinayi: kusamala chilengedwe, chilungamo pakati pa anthu, demokalase yoyambira pansi, ndi kukana chiwawa. M'chaka cha 2001 zipani zotere zochokera m'maiko ambiri zidakumana ku Canberra, m'dziko la Australia, ndi kumanga chikalata chimodzi cha mfundo zawo. Muno mu Africa maganizo ofananawo adaonekera mwa Mai Wangari Maathai a ku Kenya, amene adayambitsa gulu lodzala mitengo m'chaka cha 1977, nalandira mphoto ya mtendere ya Nobel m'chaka cha 2004.

Phata la chiphunzitso chawo ndi ili: chitetezo cha dziko sichidalira asilikali ndi mfuti zokha. Mtsinje, mphepo ndi mvula sizidziwa malire. Utsi wotuluka m'mafakitale a dziko lina umasintha nyengo ya dziko lakutali. Kotero boma limene likufuna mtendere wokhalitsa liyenera kuika madzi, nthaka ndi mpweya pakati pa zokambirana zake ndi maiko ena, kuchepetsa malonda a zida zankhondo, ndi kulemekeza mabungwe amene amamanga maiko pamodzi.

Mfundo zikakumana ndi mpando

Kunena mfundo uli kunja kwa boma n'kosavuta. Mayeso amadza ukakhala pampando. M'chaka cha 1998 a Greens adalowa m'boma la mgwirizano ku Germany, ndipo Bambo Joschka Fischer adakhala nduna yoona za maiko akunja mpaka 2005. Chisanathe chaka, m'1999, iwo adavomereza kuti ndege zankhondo za dzikolo zitenge nawo mbali pa nkhondo ya ku Kosovo, ponena kuti kuonerera anthu akuphedwa sindiko kukonda mtendere. Chipani chidagawanika koopsa. Komabe m'chaka cha 2003 a Fischer omwewo adakana nkhondo ya ku Iraq, chifukwa umboni umene dziko la America lidapereka sudawakhutiritse.

Mayeso ena adadza pamene Mai Annalena Baerbock anali pa udindo womwewo, kuyambira 2021 mpaka 2025. A Greens adakhala akuchenjeza kuti kudalira gasi wa ku Russia n'kudzimangirira chingwe pakhosi, pakuti gasi woposa theka amene Germany inkagula kunja ankachokera kumeneko. Russia italowa m'dziko la Ukraine m'mwezi wa February 2022, chenjezo lawo lidapherezera. Koma boma limene iwo analimo lidatumiza zida ku Ukraine, lidayatsanso nyumba zina zopangira magetsi ndi malasha, ndiponso lidapita kukafuna gasi ku Qatar. Phunziro lake n'lakuti ngakhale chipani cha mfundo zabwino chimayamba chateteza anthu akwawo chikapanikizika. N'chifukwa chake dziko losauka lisagonere pa chifundo cha anzake. Liyenera kufuna mapangano olembedwa, omveka, ndi otheka kuwalondoloza.

Ngongole ya maiko olemera

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutifika pakhomo. Africa yense amatulutsa gawo lochepera magawo 4 pa 100 alionse a mpweya wotenthetsa dziko lapansi, koma ndife tikulipira mtengo wowawa. Mu January 2022 namondwe Ana adaononga damu la Kapichira, dziko n'kukhala mumdima kwa miyezi yambiri. Mu March 2023 namondwe Freddy adakokolola midzi ku Chilobwe, Mulanje, Phalombe ndi m'chigwa cha Shire. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo oposa 500,000 adasiya nyumba zawo. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, adaphunzitsa kuti maiko olemera ali ndi ngongole ya chilengedwe kwa maiko osauka. Wopempha chithandizo amawerama, koma wolonjerera ngongole amaima chilili.

Tiyeni tione momwe malonjezo ayendera. Ku Copenhagen m'chaka cha 2009 maiko olemera adalonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020. Lonjezoli lidachedwa kukwaniritsidwa, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo lidabwera ngati ngongole zoti tibweze. Ku Sharm el-Sheikh m'chaka cha 2022 maiko adagwirizana zokhazikitsa thumba lolipira zoonongeka ndi kusintha kwa nyengo, koma zimene zidalonjezedwa ku Dubai m'chaka chotsatira zidali pafupifupi madola 700 miliyoni okha, pa maiko onse ovutika. Thumbali silidabadwe chifukwa cha kukoma mtima kwa olemera; maiko ang'onoang'ono adalimenyera nkhondo ali pamodzi kwa zaka pafupifupi 30. Mutu umodzi susenza denga. Koma tinenenso mosapsatira mau kuti boma limene limalephera kulongosola momwe lagwiritsira ntchito thandizo la okhudzidwa ndi ngozi limadzifooketsa lokha pamaso pa maiko amene likuwalonjerera.

Nyanja yathu ndi anansi athu

Muyeso womwewu tiugwiritse ntchito kwa ife eni. M'chaka cha 2011 boma la Malawi lidapereka zilolezo zofufuza mafuta pansi pa nyanja, ndipo mkangano wakale wa malire ndi Tanzania udabukanso m'2012. Malawi imatsamira pa pangano la Heligoland la 1890, limene lidaika malire m'gombe la kuvuma; Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi. Zokambirana zimene adatsogolera Bambo Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique, sizidathetse nkhaniyi.

Kuteteza malire a dziko ndi udindo wa boma, ndipo palibe akutsutsa. Koma maganizo osamala chilengedwe akutifunsa funso lina: mafuta atatayikira m'madzimo, kodi adzaima pa mzere wa pamapu? Chambo ndi usipa zimadyetsa mabanja a mbali zonse za nyanja, ndipo madzi ake amatsika ndi Shire kukalowa mu Zambezi ku Mozambique. Pangano la 2004 lokhazikitsa bungwe loyang'anira chigwa cha Zambezi, chimene chimakhudza maiko 8, komanso mgwirizano wa Malawi ndi Tanzania pa mtsinje wa Songwe, zikuonetsa kuti anansi angathe kusamala madzi limodzi ngakhale asadamvane pa zonse.

Mau otsiriza

Abale ndi alongo, ubale ndi maiko akunja ndi gawo la ulamuliro, ndipo nzika zili ndi ufulu woulondoloza. Tikupempha aphungu a Nyumba ya Malamulo kuti aziunika poyera mapangano a migodi, mafuta, nkhalango ndi ngongole asanamange dziko. Tikupempha nthumwi zathu ku misonkhano ya zanyengo kuti zikabwerako zizifotokozera anthu zimene zavomereza. Ndipo tonsefe, m'midzi ndi m'mizinda, tizifunsa pa pangano lililonse mafunso atatu: kodi likuteteza madzi ndi nthaka? Kodi likulimbitsa mtendere ndi anansi athu? Nanga ana amene sadabadwe adzalandira cholowa kapena ngongole? Wofuna voti yathu ayambe wayankha mafunso amenewa.