ABALE ATHU OTCHONA KU ZIMBABWE

Nkhani iyi inalankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi.

Masiku onse timakambirana za mizere, manyowa ndi nkhokwe, koma lero tikambe za anthu athu amene anapita kunja kukagwira ntchito osabwerako, aja timati matchona. Nkhaniyi ikhudza mabanja ndi minda yomwe, chifukwa chake tcherani khutu.

Akuluakulu adziwa kuti nthawi ya Atsamunda amuna ambiri anachoka m'midzi kukafuna ndalama za msonkho ndi zovala. Ena anapita ku Joni ndi Wenela. Ena analowera ku Southern Rhodesia, kumene tsopano ndi ku Zimbabwe, pa malole a Ulere kapena polembedwa ndi Mthandizi, nakagwira ntchito m'minda ya fodya ndi m'migodi. Ambiri anabwerako ndi njinga ndi mabulangete. Koma ena anakwatira komweko, makalata nayamba kuchepa, kenaka zii.

Mmodzi wa iwo anali atsibweni a mayi anga, amene anachoka kwathu ku Dedza nthawi ya Chitaganya, chija chinayamba mu 1953 ndi kutha mu 1963. Pamene ndinatumidwa ku Harare kukaphunzira za mbeu ya chimanga, ndinakapemphera Lamulungu mu mpingo wa CCAP wa Sinodi ya Harare, kumene amaimbabe m'Chichewa. Alendo atatiimiritsa, ndinatchula dzina la mudzi wathu ndi la mfumu yathu. Potuluka, mkulu wa mpingo wina ananditengera kwa mayi wina wa imvi.

Mayiyo sanachulutse mau. Anamasula kansalu natulutsa chitupa chakale cha bambo wake, chong'ambika m'mapindo. Pamenepo panalembedwa dzina la atsibweni aja, mudzi wathu, mfumu yathu ndi boma la Dedza. Ndinagwada, ndinati, "Amayi, inu ndinu msuweni wa mayi anga." Iwo analira nthawi ndithu, nati, "Mwana wanga, bambo anamwalira akutchula mudzi umenewu. Kuno amati ndife a kwa bambo, Amalawi. Kodi kwanuko mudzati ndife a kwa yani?"

Mafumu, funso limeneli ndi lanu. Kwa Ashona mwana ndi wa kwa bambo. Kwa ife Achewa mwana ndi wa kwa mayi, ndipo munda umatsata mbumba. Tsono mwana wa Mchewa wobadwa kwa mayi wa Chishona, uko amamuloza kuno, kunonso timamuloza uko. Mu 2000, pamene minda ya Azungu inayamba kulandidwa ku Zimbabwe, antchito ambiri ochokera kuno anasowa ntchito ndi pokhala pomwe, popeza analibe mudzi wobwererako. Lamulo la mu 2001 linachititsanso ambiri kuyesedwa alendo m'dziko limene anabadwira. Malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 ndiwo anawabwezera unzika obadwira komweko amene kholo lao linachokera m'maiko oyandikana monga Malawi. Kuno kwathu Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2018 kuti munthu angathe kukhala nzika ya maiko awiri. Motero njira yatseguka, ndipo ena a iwo adzafika pa mabwalo anu.

Nazi zimene ndikupemphani.

Choyamba, lembani. M'mudzi uliwonse muli nkhalamba zodziwa amene anachoka, mfunda wake, mayi wake ndi kumene kalata yake yotsiriza inachokera. Nyakwawa ikhale ndi buku la maina amenewa nkhalambazo zikali moyo. Ine chinandipezetsa abale ndi dzina la mudzi ndi la mfumu basi.

Chachiwiri, mlendo akafika nati agogo ake anali a pano, musamuthamangitse, komanso musathamangire kumpatsa munda usiku. Muitanireni eni mbumba, mumfunse bwino pabwalo, muone zitupa ndi makalata ngati ali nazo. Akatsimikizika, mlandireni, mumuonetse manda a makolo ake. Akafuna kukhazikika, ayambe wakonza za unzika ku ofesi ya Boma yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko. Za munda zipite ku komiti ya malo, monga linenera lamulo la malo a makolo la mu 2016. Munda woperekedwa mobisa ndiwo umabala milandu ya malire nthawi ya dzinja, anzanu akupalira inu muli pabwalo.

Chachitatu, inu amene mupita kukaona abale kunja, musabwere ndi mbeu, mitengo ya chinangwa kapena mphukira za nthochi popanda chilolezo cha a Zaulimi. Mphatso yotere ingathe kubweretsa matenda ndi tizilombo m'minda ya mudzi wonse. Mukafuna mbeu yabwino funsani mlangizi wa kwanu.

Makolo anati chibale ndi fupa, sichiola. Koma fupalo lifunika wina wokumbukira pamene lili. Mafumu, yambani buku lija mwezi uno. Sabata ya mawa tidzakamba za kasungidwe ka chimanga kuti anankafumbwe asalowe. Tsalani bwino.