Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Mtima, ku Mtendere



Lero pa 29 September dziko lonse likukumbukira mtima. Ine ndilankhula za wodwala amene wabwerera kunyumba atathandizidwa mitsempha ya mtima ku National Heart Hospital kapena ku UTH.

Mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka, dokotala amalowetsa kapaipi kowonda padzanja kapena m'mphechepeche, n'kukautsegula, n'kuikamo stent, kachubu kogwira mtsemphawo kuti usatsekekenso. Njira yotsegula mitsempha imeneyi anaiyamba Andreas Grüntzig ku Zurich mu 1977, ndipo yapulumutsa anthu osawerengeka. Musaiope. Koma kapaipiko kamadutsa mu aorta, mtsempha waukulu wotuluka mumtima, ndipo mwa apo ndi apo kamakanda khoma lake lam'kati. Magazi akalowa pokandikapo amasiyanitsa khomalo, monga mmene madzi amafufumitsira pulasitala nyengo ya mvula.

Kawirikawiri dokotala amaona ngoziyi wodwala akadali patebulo. Amatseka pong'ambikapo ndi stent, amatsitsa BP, n'kumaunika ndi CT scan. Kung'ambika kukakwera kupitirira masentimita 4, amaganizira za opaleshoni. Zimenezo ndi za akatswiri.

Zathu ndi izi. Kwa amene anang'ambidwa pachifuwa pa opaleshoni ya bypass, yolambalalitsa magazi pamtsempha wotsekeka, aorta ikhoza kung'ambika patapita miyezi, ngakhale zaka, makamaka BP ikalekereredwa. Ululu wake umabwera mwadzidzidzi, woopsa, kuchokera pachifuwa kukabaya kumsana pakati pa mapewa. Wina amatuluka thukuta lozizira, wina amakomoka. Amayi anga, si nthawi yothowa ndi madzi otentha imeneyo, kapena yodikira kuti kuche. Pezani galimoto, mutenge khadi lakuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa.

Inu anamwino, munthu wotere akafika, mufunseni ngati anachitidwapo za mtima. Muyezeni BP manja onse awiri. Ikasiyana kwambiri, mutumizeni msanga, ndipo muimbiretu foni kumene akupita kuti amuyembekezere.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona bambo wasiya mapiritsi a BP chifukwa akuti wapeza bwino. Mapiritsiwo, pamodzi ndi oletsa magazi kuundana, asasiyidwe dokotala asananene.

Anamwino akonza matebulo panjapo. Ine ndiyamba kuyezetsa, inu munditsatire. Mwambo uno ndautsegulira.