Kutentha kwa Thupi la Mwana ku Nkaneng

Ku Nkaneng, pafupi ndi migodi ya platinamu ya ku Marikana m'dera la Rustenburg, amai opita ku nchito amasiya ana ao kwa mlezi m'nyumba za malata. Dzuwa likaomba malatawo, mwana ali yense amamveka wotentha, ndipo dzanja la mlezi likhoza kunama. Cipangizo copimira kutentha ndico cinena zoona.

Thupi la mwana wabwino likhala pa madigiri 36.5 kufikira 37.5, likafika pa 38, mwanayo wadwala. Likakhala khanda losakwana miyezi 3, athamange nalo ku cipatala nthawi yomweyo. Wokulirapo amvule zobvala zolemera, ammwetse madzi, aitane mace.

Rustenburg si dera la malungo, koma mwana wongobwera kumene kucokera ku Malawi kapena ku Mozambique akatentha thupi, apimidwe magazi tsiku lomwelo.