Nthenda Yogwetsa Ng'ombe Itangobala

Anthu ambiri a m'Chipata, m'Matero ndi m'Chawama muno mu Lusaka, ndiponso anchito a ku migodi, asunga ndalama zaka zambiri nagula ng'ombe ya mkaka ya mtundu wa Friesian kapena Jersey, naisiya ndi mbale wao ku Chongwe kapena kwao kum'mawa. Tsono iripo nthenda imene isankha ng'ombe zotere, makamaka yokamidwa kwambiri imene yabala kale kawiri kapena katatu. Ng'ombe zacingoni siziigwidwa kawirikawiri, pakuti mkaka wace ngwocepa.

Azungu aicha milk fever, koma dzinalo linyenga, cifukwa thupi silitentha ai. Ng'ombe ya cigodola itentha nitupa mwanabere. Iyi izizira makutu. Iyamba kudzandira pasanathe masiku 3 itabala, ileka kudya ndi kubzikula, kenaka igwa nipinda khosi, mutu uli m'nthiti.

Gwero lace ndi kashiamu, mcere umene umanga mafupa ndi kulimbitsa minofu. Malita 10 a mkaka woyamba uja wacikasu acotsa magalamu oposa 20, pamene m'mwazi wonse muli ngati magalamu 3 okha. Mafupa akacedwa kubwezera, miyendo ilefuka. Anayamba kulongosola izi ndi Dryerre ndi Greig a ku Edinburgh m'caka ca 1925. Kale alimi a ku Ulaya ankapopera mpweya m'bere la ng'ombe, mkaka nuleka kutsika, ndipo zambiri zinkadzukadi, iwo osadziwa cifukwa cace.

Ng'ombe ikagwa, woweta aitane dotolo wa ziweto nthawi yomweyo, kungakhale usiku. Iye abaya kashiamu mumtsempha wa pakhosi pang'onopang'ono, pakuti wothamangitsa aimitsa mtima, ndipo kawirikawiri ng'ombe iimirira pasanapite maora 2. Poyembekeza, aikhazike pa cifuwa naichinjirize ndi matumba a udzu. Ikagona cam'mbali mimba itupa. Asaimwetse kanthu ndi botolo. Apa mpomwe ambiri aphera ng'ombe ndi cifundo cao: siingathe kumeza, ndipo madziwo apita m'mapapo.

Kupewa kwace kudabwitsa. Pa masabata 3 otsiriza a bere, ng'ombe isapatsidwe laimu kapena cakudya ca m'matumba ca ng'ombe zokamidwa, ndipo isanenepe kopambana. Idye udzu, mapesi ndi gaga pang'ono, kuti thupi lizolowere kutapa kashiamu m'mafupa. Zakudya za kashiamu ziyambe tsiku lobala.

Mwini wokhala m'komboni sangafike ku khola pa nthawi yace, ndipo ng'ombe yosathandizidwa ingafe tsiku lomwelo. Cace ncakuti alembe tsiku limene ng'ombe inakweredwa, awerenge miyezi 9 ndi masiku ngati 10, ndipo mwezi womaliza usanafike atumize kwa mbale wace ndalama za mankhwala ndi za ulendo wa dotolo, pamodzi ndi nambala yace ya lamya.