Kodi Chimanyamula Zingati? Tifunse Tisanagule



Komiti inandipempha kuti ndiyankhulepo pa ganizo limene lili pakati pathu, loti bungwe lathu ligulire sukulu kompyuta imodzi yamphamvu yoti isunge kaundula wa ana, maakaunti a sukulu ndi mabuku ophunzirira, m'malo mogula makompyuta anayi kapena asanu. Ganizoli ndi labwino ndipo ndi lotheka. Za mtengo akamba a msungichuma nthawi yawo ikakwana. Ine ndikufuna ndikambe za pepala limodzi limene tiyenera kuliitanitsa tisanatulutse ngakhale tambala imodzi, pepala lonena zimene makinawo angathe, zimene sangathe, ndi pamene mphamvu zake zathera.

Kuti kompyuta imodzi igwire ntchito ngati makompyuta angapo, pamafunika pulogalamu imene akatswiri amaitcha hypervisor. Musaope dzinalo. Ntchito yake ili ngati ya mwini nyumba ya lendi pa Golomoti. Nyumba ndi imodzi, denga ndi limodzi, mpopi wa madzi ndi umodzi, koma zipinda zagawidwa ndipo aliyense wochita lendi amakhala ngati nyumba yonse ndi yake. Mwini nyumba amagawa madzi ndi magetsi kuti wina asamalize zonse, koma udindo wake waukulu ndi khoma. Wa chipinda chakumanzere asasuzumire wa chipinda chakumanja, asamubere, ndipo moto ukabuka m'chipinda chimodzi usapsereze nyumba yonse. Kwa ife zikutanthauza kuti mwana amene akuwerenga mabuku pa kompyutayo asapeze njira yolowera kumene kuli malikisi ake kapena ndalama za sukulu.

Imodzi mwa mapulogalamu otere imene ili ndi mbiri yaitali ndi Xen. Inayambira ku yunivesite ya Cambridge ku Mangalande, kumene Ian Pratt, Keir Fraser ndi anzawo anaitulutsa koyamba mu 2003. Kampani ya Amazon itayamba kubwereketsa makompyuta kudzera pa intaneti mu 2006, inamanga malonda akewo pa Xen, ndipo mu 2013 ntchito yoisamalira inapita pansi pa bungwe la Linux Foundation. Xen ndi pulogalamu yotseguka: aliyense ali ndi ufulu woitenga osalipira, kuwerenga m'kati mwake, kuikonza ndi kugawira ena.

Tsono apa ndi pamene ambiri timakopeka, chifukwa mawu oti ulere amatikomera tonse. Koma chinthu chaulere chilibe sitolo yochibwezerako. Chilolezo chimene Xen imabwera nacho chimanena poyera kuti palibe chitsimikizo chilichonse. Ikakuonongerani ntchito simungasumire munthu. Nanga mphunzitsi wamkulu wa ku Mua, amene katswiri wake ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre, adziwa bwanji mbali ya pulogalamuyi imene angaikhulupirire ndi mbali imene eni ake akungoyesera? Pakuti m'pulogalamu yaikulu chotere, yolembedwa ndi anthu ambiri a m'makampani ndi m'maiko osiyana, muli zinthu zokhwima zimene zagwira ntchito zaka zambiri, mulinso zanthete zimene munthu wina anayamba chaka chatha n'kuzisiya pakati. Zonse zili m'thumba limodzi, ndipo ukaziona ndi maso sungazisiyanitse.

Kwa zaka zambiri yankho linali lomwazikana, ndipo wofuna kudziwa amachita kufunsa kwa odziwa. Mu December 2017, potulutsa Xen 4.10, anaikamo kalata imodzi yotchedwa SUPPORT.md, imene George Dunlap anatsogolera polemba. Kalatayi imatchula luso lililonse la pulogalamuyo, n'kulemba pambali pake msinkhu umene lafika. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti kalatayi saisunga padera ngati chikalata chotsatsira malonda ayi. Imakhala m'kati momwemo pamodzi ndi pulogalamu, kotero kuti mtundu uliwonse wa Xen uli ndi kalata yakeyake, ndipo wofuna kusintha mzere umodzi ayenera kudutsa mwa anzake omuunika monga amachitira posintha pulogalamu yeniyeniyo. Munthu sangangodzuka m'mawa n'kulemba kuti chinthu chake chapsa.

Asanapereke msinkhu amafunsa mafunso anayi. Kodi chinthuchi chatha kumangidwa, kapena china chikusowa? Kodi chimagwira ntchito mokhazikika, kapena chimagwa? Kodi amene wamanga ntchito yake pa icho lero, adzachipeza chili chimodzimodzi mtundu wina ukadzatuluka? Ndipo lomaliza, limene ndi lolemera kuposa onse: kodi mukapezeka chiboo cholowera akuba, gulu loona za chitetezo lidzachitapo kanthu mwa dongosolo lake?

Chimene chakhoza mafunso onse anayi amachilemba kuti Supported, ndiye kuti eni ake aima pambuyo pake. Chimene chatha kumangidwa koma chidakali ndi timakhalidwe tachilendo amachitcha Tech Preview: seweretsani, yesani, koma musaikepo ntchito imene mukudalira. Pansi pake pali Experimental, ndipo pofotokoza kukhazikika kwake anabwereka mawu a pa mapu akale, oti kuno kuli zinjoka. Palinso Deprecated, chinthu chimene chikugwirabe ntchito koma chakalamba ndipo chitha kuchotsedwa nthawi ina iliyonse. Anthu amene analemba pulogalamu ndi manja awo, n'kulemba okha kuti mbali iyi ili ndi zinjoka, ine ndimawapatsa ulemu. Ndi angati mwa ife amene tingalembe chotero pa katundu amene tikugulitsa pa msika wa Mtakataka?

Ndikhalitse pang'ono pa nkhani ya chitetezo, chifukwa ndi imene imasokoneza ambiri. Pali zinthu zina zimene kalatayi imati n'zothandizidwa, koma osati pa chitetezo. Poyamba munthu umaona ngati akudzitsutsa. Tanthauzo lake ndi ili: chinthucho chimagwira ntchito bwino, ndipo chikaonongeka adzachikonza, koma sakulonjeza kuti khoma lija lingapirire munthu woipa amene wabwera ndi cholinga cholibowola. Ngati m'nyumba ya lendi mukukhala abale okhaokha okhulupirirana, gwiritsani ntchito. Ngati mwalowetsamo anthu osawadziwa, mwadziika nokha pa ngozi, ndipo munauzidwa.

Kuti muone kulemera kwa lonjezo la chitetezo, tamvani zimene zinachitika mu 2014. Katswiri wina wa kampani ya SUSE, Jan Beulich, anapeza chiboo mu Xen chimene chikanalola wa chipinda chimodzi kuwerenga zinthu zosakhala zake kapena kugwetsa nyumba yonse. Gulu la chitetezo silinalengeze nthawi yomweyo. Linayamba lauza mwachinsinsi makampani amene ali pa mndandanda wake kuti atseke chiboocho akuba asanamve. Chakumapeto kwa September chaka chimenecho Amazon inazimitsa ndi kuyatsanso pafupifupi 10 peresenti ya makompyuta amene imabwereketsa, osanena chifukwa chenicheni, ndipo chenjezo, lodziwika ndi nambala ya XSA-108, linatuluka poyera pa 1 October. Dongosolo lonseli, la kuuzana mwachinsinsi, kukonza, ndi kulengeza pa tsiku loikika, limagwira pa zinthu zokhazo zimene kalata ija yati n'zothandizidwa pa chitetezo. Chiboo chikapezeka pa chinthu cha Experimental, palibe nthawi yobisa, nkhani imakambidwa poyera, ndipo wakuba amaimva tsiku limodzi ndi inu.

Kalatayi imanenanso za malire a kuchuluka. Mwachitsanzo, ya Xen 4.17, imene inatuluka mu December 2022, imati pa makompyuta a mtundu wa x86 akulonjeza chitetezo mpaka memory yokwana 12 TiB. Kuchuluka kumeneku n'kofanana ndi memory ya malaputopu oposa 1,500 a 8 GB iliyonse, choncho sukulu yathu sidzafika kumeneko ngakhale adzukulu athu atakhala a komiti. Koma taonani mmene analembera. Sananene kuti mukapitirira 12 TiB makina aphulika. Anati kupitirira apo zimagwirabe ntchito, koma dzina lawo pa chitetezo saikapo. Malire amene chinthu chingafike ndi ena, malire amene mwini wake angakuimireni umboni ndi enanso. Lole imene ikukwera Khwekhwelere itanyamula matumba opitirira amene analembedwa pa chitseko chake itha kufika ku Dedza bwinobwino, lero ndi mawa lomwe. Tsiku limene mabuleki adzakane, wopanga lole alibe mlandu.

Chitsanzo china tili nacho pakhomo pompano. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Golomoti, amene kampani ya JCM Power inayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2022, amatulutsa mamegawati 20 dzuwa likawala bwino, ndipo ali ndi mabatire otulutsa mamegawati 5 amene amasunga mphamvu yokwana maola awiri akamatulutsa mphamvu yonseyo. Chaka chomwecho, mu January, namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Tonse tikukumbukira mdima wa miyezi imeneyo. Ena ankadandaula kuti, nanga mabatire aja a ku Golomoti akuchita chiyani? Munthu wodziwa manambala awiriwo, 5 ndi maola awiri, sangafunse funso limenelo. Adziwa kuti mabatirewo ndi othandiza pamene mtambo waphimba dzuwa mwadzidzidzi kapena madzulo pamene anthu ambiri ayatsa magetsi, osati kuunikira dziko usiku wonse. Nambala yolembedwa imateteza makina ku miseche, imatetezanso munthu ku chiyembekezo chabodza.

Pali mbali inanso imene ogulitsa sakonda kuitchula, yoti zinthu ziwiri zabwino sizigwirizana nthawi zonse. Xen imatha kusamutsa chipinda chonse, chili m'kati mogwira ntchito, kuchoka pa kompyuta imodzi kupita pa ina. Imathanso kupereka chipangizo chenicheni cha m'kompyuta kwa chipinda chimodzi kuti chikhale chakechake. Zonse ziwiri zilipo, koma kalata ija imanena kuti simungachite zonse pa chipinda chimodzi, ndipo imachenjezanso kuti kupereka chipangizo chotero kwa munthu amene simumukhulupirira kuli ndi ngozi zake. Wogulitsa adzakuwerengerani maluso onse awiri pa pepala lake, ndipo sananame. Wangosiya mzere wachitatu. Kalatayi imaululanso pamene udindo suli wawo: mbali zina zimachokera ku mapulogalamu ena monga Linux ndi QEMU, ndipo imakulozerani kumene mungakamve za chitetezo chake.

Kenaka masiku. Pamwamba pa kalatayo pamalembedwa tsiku limene mtunduwo unatuluka, tsiku limene adzasiye kuukonza, ndi tsiku limene adzasiye kutseka ziboo zake. Xen 4.10 ija anailonjeza miyezi 18 ya chithandizo chonse ndi zaka 3 za chitetezo, choncho pofika kumapeto kwa 2020 inali itatha nthawi yake. Kompyuta imene ikuigwiritsabe ntchito lero imayaka m'mawa monga kale ndipo palibe belu limene limalira. Zili ngati mankhwala a ku chipatala chathu cha Mua: botolo limaoneka lomwelo tsiku lake litapita, n'chifukwa chake namwino amayang'ana deti osati mtundu wa botolo.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, achimwene, sukulu yathu ndi yaing'ono, ndani angavutike kudzatibera? Mwina wa ku Ulaya sangavutike. Koma mwana wa Fomu 4 wochenjera amene malikisi ake sanamukomere ali pompano, ndipo ana a masiku ano amaphunzira zinthu izi pa foni usiku umodzi. Wina anenanso kuti mwina katswiri amene tidzamulembe ntchito sadzagwiritsa Xen, adzasankha ina monga KVM imene ili m'kati mwa Linux. Zimenezo zilibe kanthu, ndipo ine sindinabwere kudzagulitsa Xen. Ndaitchula chifukwa eni ake analemba malire awo momveka, ndipo mafunso awo anayi aja tingathe kumufunsa munthu aliyense.

Pempho langa kwa komiti ndi ili. Amene adzatiikire makinawa atipatse tsamba limodzi, m'Chichewa chomveka kwa mphunzitsi wamkulu ndi kalaliki wa sukulu, osati buku la masamba 200 la m'Chingerezi limene lidzathera m'kabati. Alembepo dzina ndi nambala ya mtundu wa pulogalamu imene waika, ndi tsiku limene eni ake adzasiye kuiteteza. Alembepo kuti ana angati angagwiritse ntchito nthawi imodzi, ndipo atiuze ngati nambalayo anaiyesa yekha pa makina athu kapena anangoiwerenga. Mabatire akhale mphindi zingati magetsi akazima, ndipo chipinda chitenthe kufika pati tisanazimitse, pakuti kutentha kwa kuno kunsi kwa phiri mu October si kwa ku Dedza boma. Ngati pali chinthu chimene waika mongoyesa, alembe kuti ichi ndikuyesa, musaikepo malikisi. Katswiri woona sadzakwiya ndi pempholi. Amene adzayankhe kuti musadandaule, makina awa amatha zonse, ameneyo ndiye tidzamuperekeze mwaulemu mpaka pa msewu wa M5.

Tsamba limenelo likhale pawiri, lina limatidwe pa chitseko cha chipinda cha kompyuta, lina likhale m'faelo ya mlembi wa bungwe lathu, chifukwa aphunzitsi amasamutsidwa ndipo makomiti amasintha. Ndipo pa msonkhano wa chaka ndi chaka, a mlembi akamawerenga mfundo za msonkhano wapita, aziwerenganso deti lija kuti tonse timve kuti kwatsala miyezi ingati, n'cholinga choti a msungichuma ayambiretu kupatula ya thiransipoti ya katswiri wochokera ku Lilongwe.

Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Amene ali ndi mafunso andipeza pansi pa mtengo wa mango tikamadya.