Tisanafunse kuti "ndi wa chipani chanji?"

 Mwandipempha kuti ndilankhule za kasankhidwe ka mtsogoleri wa dziko, ndipo ndikuona ena mwayamba kale kundiyang'anitsitsa kuti mudziwe ngati ndili wa tambala wakuda kapena wa chimanga. Dikirani kaye, chifukwa nkhani yomwe ndabwera nayo ndi yomweyo.

Kuno ku Mchinji, kuchokera pa Boma mpaka ku Mkanda ndi ku Kapiri, ambiri a ife chipani tidachipeza pakhomo ngati mmene tidapezera chiwongo. Ku Thyolo zilinso chomwecho, kungosiyana mtundu wa nsalu. Koma taganizani za venda wogula soya pa Kamwendo. Akadziwa kuti mulibe kwina kokagulitsa, mtengo amatchula yekha, sikelo amawerenganso yekha. Wandale naye akadziwa kuti voti yanu ndi yake kale, angakuvutikireni chifukwa chiyani? Adzabwera ndi nsalu ndi zovina, basi.

Ndikufuna tikhalitse pa nkhani ya malemu Bingu wa Mutharika, poti ili ndi mbali ziwiri. Iwo adalowa m'boma mu 2004 pa tikiti ya UDF, mu February 2005 n'kutulukamo kukayambitsa DPP. Chaka chomwecho adayambitsa makuponi a feteleza wotsika mtengo, ndipo chimanga chidachuluka. Pofika 2009 adapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100 aliwonse, kuposa a John Tembo, ndipo mavotiwo adachokera ngakhale m'zigawo zomwe si kwawo. Anthu adayang'ana nkhokwe zawo. Mpaka apa zili bwino. Koma patangotha zaka ziwiri mafuta a galimoto adasowa, ndalama zakunja zidasowa, odzudzula adayamba kuonedwa ngati adani. Mu April 2011 kazembe wa dziko la Britain adathamangitsidwa kalata yake itaululika, momwe adalemba kuti mtsogoleriyo safuna kudzudzulidwa. Pa 20 July chaka chomwecho anthu adachita zionetsero, ndipo pafupifupi 20 adaphedwa. Munthu ndi yemweyo, chipani ndi chomwecho. Ndiye pomuyeza munthu, feteleza yekha sakwanira. Tiyenera kuonanso zomwe amachita akauzidwa kuti walakwa.

Zaposachedwazi mukuzidziwa nokha. Pa 3 February 2020 khothi lidafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, lidatinso wopambana azipeza mavoti oposa theka. Pa 23 June a Lazarus Chakwera adapambana ndi pafupifupi 59 pa 100, atalonjeza ntchito 1 miliyoni ndi feteleza wa K4,495 pa thumba. Pa 16 September 2025 adapeza pafupifupi 33, ndipo a Peter Mutharika, omwewo amene adachotsedwa mu 2020, adabwereranso ndi pafupifupi 57. Kaya zidakusangalatsani kaya zidakuwawani, onani chinthu chimodzi: alipo a Malawi ambiri amene amasintha voti malinga ndi zomwe aona, ndipo ndi iwowo amene andale amawaopa. Abale athu a kuseri kwa Mwami adachitanso zomwezo mu August 2021, pomwe a Hakainde Hichilema adaposa a Edgar Lungu ndi mavoti pafupifupi 1 miliyoni.

Sindikuti tulukani m'zipani, ayi. Chipani n'chofunika, ndipo ndi ku konivenshoni komwe amasankha munthu wodzaimira pa mpando wa pulezidenti. Mu 2013 nthumwi za MCP zidasankha a Chakwera, m'busa amene adali asanakhalepo phungu, kuti alowe m'malo mwa a Tembo omwe adatsogolera chipanicho zaka zambiri. Ndiye ngati muli m'chipani, mafunso ayambire momwemo. Munthuyu adayendetsapo chiyani, nanga adachisiya chili bwanji? Amene amuzungulira ndi otani? Mnzake wa chipani akagwidwa akuba, amamusiya apite kukhothi kapena amangomusamutsira ku unduna wina? Ine funso lomalizali ndimaliika pamwamba, chifukwa kudzudzula mbava ya chipani china aliyense amatha. Ndipo akalonjeza chinthu, mufunseni kuti ndalama zake zichokera kuti.

Za ndalama zogawa pa msonkhano sindichulutsa mawu. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa, ndipo inu nomwe mukudziwa kuti ndalamazo sizifika mawa lake.

Pempho langa kwa kalabu ndi ili. Tisadikire 2030. Tipeze manifesito ya chipani chomwe chikulamulira pano, tilembe m'kope malonjezo okhudza ife alimi a mtedza ndi soya, za feteleza, misika, ngongole za achinyamata ndi misewu. Tichite chimodzimodzi ndi zomwe phungu ndi khansala wathu adalonjeza, kaya ndi a chipani chathu kaya ayi. Miyezi itatu iliyonse tizitsegula kopelo n'kuchonga zomwe zachitika. A mlembi, kope limeneli tilipeze pa msonkhano wa mwezi wamawa.